Mwana wanu adziwa Chizungu, nanga n'chifukwa chiyani afeluka ku yunivesiti? Mau a mlembi wa achinyamata kwa ochita malonda mu msika

Nidziwa kuti ola imodzi imene mwasiya sitandi ni ndalama yatayika, tomato sayembekezela msonkhano. Ndiye sindidzazungulila.

Lelo sindinabwele na nkhani ya levy kapena ya zimbudzi za mu msika, ngakhale zija nazo tizakambabe. Nabwela na nkhani imene ena aganiza kuti si ya msika: ma lecturer a ku yunivesiti na ku koleji, na mmene aphunzitsila ana athu mu Chizungu. Wina anganene kuti, iwe mwana, ise tigulitsa kapenta, za ma lecturer zitikhudza bwanji? Nifunseko: amene alipilila mwana sukulu, kaya ku UNZA, ku CBU, ku Evelyn Hone, ku Chalimbana, ku nasing'i kapena ku koleji iliyonse, kwezani dzanja. Onani manja ayo. Amene analowa chilimba kuti apeze ndalama ya boarding house? Amene anafika mpaka pa kaloba chifukwa ma fees a semesita afika ndipo katundu sanayende? Ndiye nkhaniyi ni yanu kuposa munthu wina aliyense, chifukwa ndimwe mulipila.

Mwana uja mwamulela na ndalama ya lepu na impwa. Wapasa Giledi 12. Kuti alowe ku yunivesiti afunika ma credit 5, ndipo Chizungu chiyenela kukhalapo. Ena mwa inu munalipilanso GCE kawili, katatu, kuti chabe 7 ija mu Chizungu ikhale 6. Wapeza malo, mwavina, mwamugulila sutikesi ku Kamwala, bulangeti, ka stove ka mbale imodzi. Chaka choyamba chatha, zotuluka zabwela: wafeluka makosi awili, abweleze. Inu muyamba kuganiza kuti mwana wayamba moba, kapena wapeza chibwenzi, kapena kumudzi kuli amene sakondwela. Nthawi zina ni zoona, ana ena amasewela. Koma kawili kawili mukamufunsa bwino, mwakachetechete, azakuuzani kuti: amai, mu kilasi sindimvela zimene akamba.

Manje apa ndiye pali chinthu chimene nifuna mutenge. Mwana uja Chizungu achidziwa. Amawelenga, amalemba meseji, amaonela mafilimu. Lecturer nayenso Chizungu achidziwa kwambili, ena anaphunzila mpaka ku UK na ku South Africa. Vuto ni yakuti kudziwa Chizungu ni chinthu china, kuphunzitsa munthu chemistry kapena accounts mu Chizungu ni chinthu chinanso. Chachiwilichi ni luso, ndipo luso amachita kuphunzila. Inu mudziwa kuti si aliyense odziwa kuphika nsima angayendetse lesitilanti mu msika. Kuphikila anthu 5 panyumba na kuphikila anthu 80 pa 13 hours ni nchito ziwili zosiyana.

Mphunzitsi wa ku pulaimale amakhala zaka ku koleji kuphunzila mmene angaphunzitsile. Amapita ku teaching practice, amamuona ali patsogolo pa ana, amamuuza pamene alakwa. Pambuyo pake afunika laisensi ya Teaching Council of Zambia. Amene aphunzitsa za manja, monga zamagetsi na ukalipentala, ali na koleji yao ku Luanshya, TVTC, yowaphunzitsa kaphunzitsidwe. Koma ku yunivesiti chimene amayang'ana poyamba ni digili: uli na masters, uli na PhD, walemba mapepala angati. Munthu angakhale katswili wa masamu weniweni koma kulibe anamuonetsapo mmene angafotokozele masamuwo kwa mwana ochokela ku Chadiza kapena ku Shang'ombo, amene Chizungu anachimvela chabe mu kilasi, kunyumba ayi. Ndiye lecturer achita zimene anamuchitila iye: aimilila kutsogolo, awelenga ma slide, akamba mofulumila kwa maola awili, afunsa "any questions?", kilasi yonse zii, atenga chola apita. Zii uja sikuti amvetsa. Ni manyazi. Kulibe mwana afuna kuimilila pakati pa anzake mazana n'kuphwanya Chizungu, anzake a ku ma sukulu a pulaiveti amuseke.

Tibwelele kumbuyo pang'ono kuti muone kumene nkhaniyi inachokela. Pamene tinalandila ufulu mu 1964, dziko lonse linali na anthu a digili pafupifupi 100 chabe. UNZA inatsegulidwa mu 1966 na ophunzila 312. Mu zaka zomwezo, pamene a John Mwanakatwe anali nduna ya maphunzilo, boma inasankha kuti Chizungu chikhale chilankhulo chophunzitsila kuyambila Giledi 1. Anali na zifukwa zao, ndipo sindizinyoza. Dziko ya mitundu yoposa 70, One Zambia One Nation, mphunzitsi wa ku Mongu atumizidwe ku Chipata, mwana wa wapolisi asamuke ku Ndola kupita ku Choma osasokonezeka. Mu 1977, pa kukonzanso kwa maphunzilo, boma yeniyeniyo inavomeleza kuti mwana amamvetsa bwino mu chilankhulo chake, koma inasiya Chizungu pamalo pake ati kusintha kuzavuta. Mu 1996, ndondomeko ya Educating Our Future inati mwana ayambe kuphunzila kuwelenga mu chilankhulo chimene adziwa. Mu 2014 anapitilila, ati Giledi 1 mpaka 4 aphunzile mu zilankhulo zathu 7: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda na Chiluvale. Manje na silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, tabwelelanso ku Chizungu kuchokela pansi, zilankhulo zathu zikhale zothandizila chabe kufotokoza.

Muona? Zaka 60 tizungulila pa funso imodzi: chilankhulo chiti, chiyambe giledi iti. Boma iliyonse ibwela na pepala yake. Koma funso yakuti munthu oimilila kutsogolo uja wakonzekeletsedwa bwanji kuti aphunzitse mu chilankhulo chimene mwasankhacho, imakhala kumapeto, pamene ndalama yatha. Ndipo ana amene afika ku yunivesiti zaka zino ni aja amene anayamba Giledi 1 mu Chinyanja kapena Chibemba pansi pa ndondomeko ya 2014, n'kusinthila ku Chizungu pa Giledi 5. Ni ana anu amenewo. Anawauza ma lecturer kuti gulu imene ibwela inayenda njila yotele? Anawakonzekeletsa?

Ine sindine wa ndale uja amene amati chilichonse chimene boma yachita ni choipa. Maphunzilo aulele amene anayamba mu 2022 athandiza amai ambili mu msika muno, nidziwa. Aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa nchito chaka chomwecho. Meal allowance inabwelela kwa ophunzila a m'ma yunivesiti a boma. Izo zachitika, ndipo amene akana ni wabodza. Koma kutsegula geti ni chiyambi chabe. Makilasi adzala, mphunzitsi m'modzi sangakwanitse kumvetsela mwana aliyense akuwelenga, ndipo ana ambili afika ku Giledi 12 na Chizungu choloweza pamtima. Amapasa mayeso chifukwa analoweza ma past paper. Akafika ku koleji apeza funso yakuti "critically evaluate", iye anazolowela "define" na "list". Ayankha zimene adziwa, zoona zokha-zokha, koma si zimene anafunsidwa. Ziro. Ndani anamuphunzitsapo kuti mau awili aja afuna chiyani? Wa ku sekondale ati azaphunzila ku yunivesiti. Wa ku yunivesiti ati anafunika kuphunzila ku sekondale, ine nchito yanga ni economics, osati Chizungu. Mwana wagwela pakati, ndipo bilu ibwela pa sitandi yanu.

Ine pa dipuloma yanga tinali na kosi ya accounts. Milungu itatu lecturer akamba za depreciation, ise tilemba chabe manotsi osamva kanthu. Tsiku lina mnzathu m'modzi, amai ake agulitsa nsomba, anati kwa ife pa bleki: imwe, ija ni filiji chabe. Mwagula filiji K6,000, pakapita zaka zitatu mungaigulitsenso K6,000? Ayi. Ndiye chaka chilichonse filiji idya ndalama yako pang'ono pang'ono, ndipo ukawelenga phindu uyenela kuchotsako ija yadyedwa. Mphindi ziwili, tonse tamvetsa. Tinabwelela ku buku ya Chizungu ija, ndipo manje inali kuwelengeka. Chizungu sichinasinthe. Chinasowa ni mlatho.

Ndipo nikuuzeni chimene chimaniwawa. Zambili zimene ana anu amafeluka ku business school, inu mumazichita tsiku na tsiku. Supply and demand? Funsani amai aliyense ooda tomato pa Soweto m'mamawa. Mathilaki akabwela ambili kuchokela ku Mkushi bokosi itsika, mvula ikaononga minda bokosi ikwela, ndipo iwo amadziwilatu mwezi uti. Interest? Funsani amene analawa kaloba. Capital na profit? Amai aliyense pano adziwa kuti kapito sadya, ukadya kapito mawa sitandi ilibe kanthu. Marketing? Mbasela ija mumaika pamwamba kuti kasitoma abwelenso. Mwana amene anakulila pansi pa tebulo yanu adziwa zonsezi kuchokela ali na zaka 10. Koma afika mu kilasi amva ngati zonse ni zachilendo, ngati nzelu za amai ake si nzelu, chifukwa kulibe anamuonetsa kuti liu lalitali lija ni dzina chabe la chinthu chimene adziwa kale.

Manje mvelani bwino, kuti mawa wina asakanene kuti chipani chija chifuna kuchotsa Chizungu ku yunivesiti. Ayi. Malamulo a dziko lino amati Chizungu ndiye chilankhulo cha boma. Mabuku a udokotala, a uinjiniya, a malamulo ali mu Chizungu. Mu kilasi imodzi muli Mlozi, Mtonga, Mbemba, Mkaonde, Mnsenga. Lecturer akayamba Chinyanja chokha-chokha, ena tawasiya panja. Ndipo mwana wanu akafuna nchito ku migodi, ku banki kapena kunja kwa dziko, azafunika Chizungu chakuthwa. Ife tifuna Chizungu chochuluka, osati chochepa. Koma chikhale Chizungu chimene mwana wa ku Chibolya angakwelepo, osati khoma.

Ndiye kuphunzitsa lecturer kumene tikamba ni kotani? Si kumubweza ku Giledi 8 kukaphunzila gilama, ameneyo ungakhale mwano. Ni zinthu zooneka zing'ono-zing'ono. Aphunzile kutulutsa mau ovuta a phunzilo la tsikulo asanayambe, awalembe, awafotokoze na chitsanzo cha kuno kwathu, osati cha ku London. Adziwe kuti mau ena mwana amawadziwa kale koma mu phunzilo atanthauza china: "stock" ya mu shopu si "stock" ya pa Lusaka Securities Exchange, "culture" ya ku Nc'wala si "culture" ya mu labu. Aphunzile kuima pakapita mphindi 15, apatse ana kafunso, akambilane awili-awili mu chilankhulo chilichonse chimene amvana, kaya Chinyanja kaya Chibemba, ndiyeno ayankhe mu Chizungu. Asiye kufunsa "have you understood?", chifukwa yankho imakhala "yes sir" nthawi zonse, koma auze mwana kuti fotokoza iwe na mau ako. Aonetse ana yankho yabwino na yankho yoipa pambali-pambali, kuti aone okha kuti "discuss" afuna chiyani. Ndipo chimene ambili amaopa: ajambulidwe vidiyo akuphunzitsa, akhale pansi na anzake aione. Munthu amadabwa akadziona kuti wakamba ola yonse atafulatila kilasi, akuyang'ana bolodi.

Zimenezi sizifuna nyumba yatsopano, sizifuna galimoto ya VX. Zifuna nthawi, aphunzitsi a aphunzitsi, na boma imene iika ndalama yake pamenepo. Akatswili tili nao kale: UNZA ili na School of Education, kuli Kwame Nkrumah ku Kabwe, Mukuba ku Kitwe, Chalimbana ku Chongwe, onse nchito yao ni kuphunzitsa aphunzitsi. Ma lecturer ena amadzilipilila okha kosi ya teaching methodology kuchokela m'thumba mwao, ndipo amenewo tiwaombele m'manja. Koma chinthu chofunika chotele sichiyenela kudalila thumba la munthu.

Onani ku Rwanda. Mu 2008 anasintha sukulu zao kuchoka ku Chifalansa kupita ku Chizungu. Anapeza msanga kuti kulengeza pa wailesi ni kosavuta, koma aphunzitsi ambili sanali okonzeka. Anachita kuwabweza ku maphunzilo, mpaka kubweletsa ena kuchokela ku Uganda na Kenya kuti awathandize, ndipo zinatenga zaka. Ife tili na mwayi kuposa iwo, chifukwa ma lecturer athu Chizungu ali nacho kale. Chatsala ni kachidutswa ka kaphunzitsidwe chabe. Ndiye n'chifukwa chake ulesi wake umakwiyitsa.

Nisaiwale mbali ya ma lecturer, chifukwa ena mwa iwo ni ana anu, anakulila mu msika momwemuno. Mwamva kangati pa nyuzi kuti ma yunivesiti a boma ali na nkongole kwa anchito ao, ena anapuma kale koma ndalama zao akali kuyembekezela? Munthu amene ali na ophunzila mazana mu kosi imodzi, madzulo athamangila kukaphunzitsa ku koleji ina ya pulaiveti kuti akwanitse lenti, simungamuuze chabe kuti onjezela workshop pa Chiwelu. Azabwela, asaine, adye chikeni, apite. Maphunzilo amene tikamba afunika kulowa mu maola a nchito, ndipo amene awamaliza n'kusintha kaphunzitsidwe aone phindu pa kukwezedwa. Pakali pano lecturer amakwela makamaka chifukwa cha mapepala amene walemba. Amene amathela maola kuthandiza ana a chaka choyamba amangolandila zikomo.

Tikambeko za ndalama, chifukwa pano ni pa msika. Mwana akabweleza kosi, mulipilanso. Akabweleza chaka, ni lenti ya boarding house ina ya miyezi yonse ija, chakudya, ma bundle, thilansipoti. Ngati ali pa loni ya HELSB, ija si mphatso, ni nkongole, ndipo siifafanizika chifukwa munthu sanamalize. Ndiye pali ana amene abwelela ku komboni opanda pepala koma na nkongole pamutu. Ena mwa iwo ali pano, athandiza amai ao pa sitandi, ndipo akafunsidwa amati niyembekezela chabe ndalama nibwelele. Chimodzimodzi aja amene apita ku ma trades pa basale ya CDF: ndalama ya boma yalipilidwa, manja a mwana ni aluso, waya amanga bwino, koma pepala ya theory yamugwetsa chifukwa cha kafunsidwe.

Ndipo ngakhale amene apasa moloweza, vuto imabwelela kwa inu. Nasi amene analoweza matenda a shuga mu Chizungu osamvetsa, akafika pa kiliniki sangakufotokozeleni mu Chinyanja chifukwa chake mankhwala aja muyenela kumwa tsiku lililonse ngakhale mumvela bwino. Azakupatsani chabe mapilisi, "kamodzi m'mawa", next. Munthu amene anamvetsa chinthu angachikambe mu chilankhulo chilichonse. Amene analoweza angachibweleze chabe mmene anachimvela.

Ndiye ife monga achinyamata a chipani tikankha zinthu izi, ndipo tizazikamba kulikonse kumene tapatsidwa maikolofoni. Higher Education Authority, bungwe imene inakhazikitsidwa na lamulo ya 2013 kuti iyang'anile ma yunivesiti, isamayang'ane chabe ma digili a ma lecturer na kukula kwa laibulale. Ilowe mu kilasi, ikhale kumbuyo, imvele ngati ana amvetsa. Lecturer aliyense watsopano, wa boma kapena wa pulaiveti, apite ku maphunzilo a kaphunzitsidwe mu Chizungu m'chaka chake choyamba, olipila akhale omulemba nchito. Amene aphunzitsa chaka choyamba ayambe ndiwo, chifukwa apo ndiye pamene ana athu amagwela. Ndipo yunivesiti na koleji iliyonse iziika poyela kuti mwa ana amene analowa, ni angati anapitilila ku chaka chachiwili ndipo ni angati anamaliza. Inu simugula thumba la kapenta osatsegula kuona pansi. N'chifukwa chiyani mulipila masauzande ku koleji imene siikuuzani kuti ana angati amatulukamo na pepala? Makamaka makoleji ena a pulaiveti amene amela ngati bowa, chikwangwani chachikulu, mkati mwake lecturer m'modzi makosi 6.

Kwa inu makolo, pali chimene mungachite osayembekezela voti. Mwana akabwela pa holide, musamufunse chabe kuti wapasa. Muuzeni kuti nifotokozele chinthu chimodzi chimene waphunzila, mu Chinyanja, kuti ine nimvetse. Musachite manyazi kuti sindinapite ku sukulu. Akakwanitsa, ndiye kuti zalowa. Akayamba kukanda mutu n'kubweleza Chizungu cha m'buku, dziwani kuti pali vuto, ndipo ni bwino kuidziwa mu April kusiyana na mu December. Musamukalipile. Mufunseni kuti ni kosi iti, apeze anzake a gulu yowelengela pamodzi, apite kwa lecturer ku ofesi. Ambili mwa ma lecturer amathandiza mwana amene wagogoda, koma ana athu amaopa chitseko chija.

Achinyamata amene muli ku koleji, kapena munasiyila panjila, tifuna kumva kwa inu. Mlungu wa mawa tsiku ngati lino tizakhala pa ofesi ya komiti ya msika kuyambila 14 hours, pamene makasitoma achepa. Bwelani mutiuze kosi imene inakuvutani na chimene chinavuta: liwilo la lecturer, mau, kapena kafunsidwe ka mayeso. Sitizalemba dzina lanu kapena la lecturer, ndipo sitizafunsa kadi ya chipani. Zimene tizasonkhanitsa tizapeleka kwa aphungu athu kuti akafunse nduna ya maphunzilo mu Nyumba ya Malamulo. Amai amene mwana wanu ali kutali, mutumileni foni madzulo ano, mumufunse, mubwele na yankho yake inu.

Ba chairlady, naona makasitoma ayamba kuima pa ma sitandi.